Kodi Wodwazika Angabise Choonadi Chifukwa cha Chikondi?

Tonse amene tinadutsa Buku Loyamba la Ruhi timakumbukira phunziro lija lakuti makhalidwe onse abwino amatsamira pa kunena zoona. Ine ndinaliloweza mosavuta. Linayamba kundivuta nditazindikira kuti amuna anga, amene ankandisambitsa ndi kundichapira miyezi yonse ya kudwala kwanga, ankandibisira nkhani yokhudza moyo wanga womwe. Kodi analakwa? Ndikufuna tiganizire limodzi, chifukwa m'nyumba zambiri kuno kwathu muli wodwala ndi womudwazika.

Ndinkathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Matenda anayamba dzinja, nthawi imene masamba amachuluka ndipo aliyense amalimbirana makilo pa sikelo. Maso anachita chikasu, mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, thupi linkayabwa usiku wonse mpaka kudzikanda zilonda. Anzanga ankati ndi chikasu wamba, chitha. Atatitumiza ku Blantyre, anapeza khansa ya m'njira ya ndulu. Ndulu imapangidwa m'chiwindi n'kutsikira m'matumbo kudzera m'kanjira kakang'ono. Chotupa chikatseka kanjirako, ndulu imabwerera m'magazi, ndiye chikasu ndi kuyabwa kuja. Khansa imeneyi imachizika pokhapokha chotupa chikachotsedwa chonse ndi opaleshoni, koma ambiri imawatulukira mochedwa. Inenso zinali choncho.

Anandipanga opaleshoni yoti ndulu ipeze polambalala, chotupa chili pomwepo. Abambo anamva zonse ine ndisanatsitsimuke bwino, ndipo anapempha kuti anene okha. Atabwera pabedi anangoti, “Mayi, zayenda bwino.” Sananame, opaleshoni inayendadi bwino. Chikasu chinatha, ndinayamba kudya nsima. Mankhwala a m'diripi aja, amene ntchito yake pa ine ndi kuchedwetsa matenda, ndinkaganiza kuti akutsuka zotsalira. Iwo ankandimva ndikunena zimenezi, osandikonza, miyezi inayi yathunthu.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo, pakuti m'Zolembedwa zathu muli mfundo imene ili mbali yawo. M'buku la Some Answered Questions, limene linatuluka mu 1908, ‘Abdu’l-Bahá akufotokoza kuti bodza ndi khalidwe loipitsitsa, komabe akupereka chitsanzo cha dokotala amene amauza wodwala kuti akupeza bwino pofuna kumulimbitsa mtima. Dokotala wotere samuimba mlandu, chifukwa mawuwo akhoza kuthandiza wodwalayo kuchira. Ndikakumbukira sabata yoyamba ija, ndili ndi chilonda pamimba, ndikulephera ngakhale kukhala tsonga, ndikuvomera kuti sindikanapirira. Mtima ukanagwa, ndikanakana chakudya. Amene anakhalapo gadiyani m'zipatala zathu, kugona pansi ndi kuphikira panja, akudziwa kuti masiku ena wodwala amangofunika kumuwolotsa kuti afike m'mawa.

Koma sabata imodzi si miyezi inayi. Chitsanzo cha ‘Abdu’l-Bahá, momwe ine ndikuchimvera, chikunena za mawu olimbikitsa pa nthawi ya chiopsezo. Sindikuona kuti chikupereka chilolezo choti munthu wamkulu, wa nzeru zake, aziyendetsa moyo wake mumdima. Pa miyezi imeneyo ndinakakamira kuti tigulitse mbuzi zathu ziwiri, ndinatenganso ngongole ya katapila ya thiransipoti, ndikuwerengera kuti ndidzabweza ndikabwerera ku dengu mvula ikagwa. Nkhani ya munda umene ndinalandira kwa amayi ndinaisiya, ndati tidzaona. Kuno munda umatsata mbumba, ndipo abambo ndi mkamwini. Ine nditachoka osakambirana ndi amalume, iwo ndi ana akanatsala pati? Chete wawo uja ankaika pachiswe iwo omwe, ndipo ankadziwa.

Timaphunzitsidwa kuti banja liziyenda mwa kukambirana, mkazi ndi mwamuna ali ofanana. Nanga mungakambirane bwanji pamene wina akudziwa mathero a nkhani, wina sakudziwa? Tinkakhala pansi ndithu, kupemphera, kugwirizana za ndalama, koma kunali kukambirana kwa dzina lokha. Iwo ankangovomera zilizonse zimene ndanena, poopa kuti akakana ndifunsa chifukwa.

Apa ndiulule changa, ndisaoneke woyera. Inenso ndinkawanamiza. Ululu ukandigwira usiku ndinkaluma chitenje, akafunsa n'kumati, “Gonani bambo, palibe kanthu.” Ndinkati ndikuwachitira chifundo, munthu woti mawa alawira kufakitale. Namwino wa chisamaliro chochepetsa ululu, ntchito imene amagwiranso a Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth, ndi amene anatimasula. Anandifotokozera kuti mlingo wa morphine wakumwa amaupima potengera ululu umene wodwala wanena, choncho wobisa ululu amadzimana mankhwala. Kenako anandifunsa zimene ndikudziwa za matenda anga, ndi zimene ndikufuna kudziwa. Ndinayang'ana abambo, iwo anayang'ana pansi, ndipo ndinamvetsa asanatsegule pakamwa.

Funso la namwino uja ndi limene ndaliganizira kwambiri. Sanandikhuthulire zonse nthawi imodzi ngati mmene ena amachitira poganiza kuti kunena zoona ndi kusasamala za mtima wa munthu. Anandipatsa ine mphamvu yosankha kuchuluka kwa zimene ndingamve tsiku limenelo. Alipo odwala amene angayankhe kuti, “Uzani amuna anga, ine musandiuze,” ndipo umenewo ndi ufulu wawo. Pamenepo wodwazika akakhala chete sanabe kanthu, wasungitsidwa. Cholakwa cha abambo, ngati tingachitche choncho, n'chakuti sanandifunse. Anandisankhira.

Ndipo ndikayang'anitsitsa, chete amene anayamba chifukwa cha ine anadzasanduka wotchinjiriza iwo. Ankaopa nkhope yanga, ankaopa kudzimva okha akutchula mawuwo. Sindikunena izi mowanyoza. Ndi mantha a munthu amene anasenza yekha katundu wa anthu awiri, osauza ngakhale abwenzi a pa Phwando la Masiku 19, amene akanatha kutithandiza za mayendedwe tisanapite kwa wakatapila. Wodwazika aliyense angachite bwino kudzifunsa kawirikawiri kuti lero chete wake akuteteza yani, chifukwa yankho la sabata yoyamba silikhala lomwelo mwezi wachitatu.

Tikubwerera tsiku limenelo, minibasi itaima pa Bvumbwe, ndinawafunsa kuti ankafuna kudzandiuza liti. Anati, “Ndinkadikira tsiku loti muli ndi mphamvu. Koma mukakhala ndi mphamvu munkaseka, ndiye ndinkalephera.” Sindinawayankhe, ndipo mpaka lero sindinapeze choti ndiyankhe.

Masiku ano kwa dokotala timalowa tonse awiri, ndipo ululu ukabwera ndimawadzutsa. Gawo lachitatu la buku lomwe lija, lonena za moyo ndi imfa, tinaliwerenganso limodzi pakhonde, pang'onopang'ono. Amalume anabwera mwezi watha, za munda tinamaliza. Ngongole ya katapila ikadalipo.