Kodi "Si Ntchito Yanga" Ndi Mawu Oipa?

Mvula ikakhazikika ndipo udzu wayamba kupikisana ndi chimanga, m'midzi ya kwa Kabudula ndi ku Nsaru mumachuluka anthu ofuna ganyu. Tonse tikudziwa mmene zimayambira. Khasu lisanagwe pansi, mwini munda ndi waganyu amapita limodzi kumunda n'kuloza ndi dzanja: kuyambira pachulu apa kukafika pamango apo, mizere yakutiyakuti, kupalira kokha osabandira, malipiro ake ndi awa. Imeneyo ndiyo ndime. Ikalozedwa bwino, madzulo anthu amasiyana akuthokozana. Ikalozedwa mwachisawawa, dzuwa likamalowa timamva phokoso: "Ine ndimati mpaka kumalire!" "Ayi, inu munati pachulu!" Ndipo kawirikawiri wogonja pa mkanganowo amakhala uja amene ana ake akudikira ufa kunyumba.

Tayambira kumunda mwadala. Zimene a m'maofesi amalemba papepala pofotokoza ntchito ya munthu, kuti azichita chiyani, aziyankha kwa yani, azilowa ndi kuweruka nthawi yanji, ndi ndime yomweyi, kungoti yalembedwa. Tsono funso loti tikambirane ndi ili: munthu akanena kuti "si ntchito yanga," walakwa kapena ayi? Ambirife timafulumira kunena kuti walakwa, chifukwa mawuwa tinawamvapo tili pamzere, tili ndi njala, tikufuna thandizo. Koma tisathamange kuweruza.

Lamulo la za ntchito la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, limati wolemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo apatse wantchito aliyense chikalata pasanathe mwezi chiyambireni ntchito. M'chikalatacho muzikhala mtundu wa ntchitoyo, malipiro ake, maola ogwirira, ndi mmene ntchitoyo ingathere. Opanga lamuloli ankadziwa chinthu chimene waganyu aliyense amachidziwa: pamene ndime sinalozedwe, wamphamvu ndiye amailoza tsiku ndi tsiku, ndipo amaikulitsa nthawi zonse. Kuno kwathu, kudera la fodya, sitifuna wotiuza. Kwa zaka zambiri matenanti ankagwira ntchito m'maesiteti pa mgwirizano wapakamwa. Banja lonse linkalowa m'munda, kuyambira kunazale mpaka kusoka ndi kudinda mabelo, likulandira chimanga pangongole, ndipo mtengo weniweni wa thukuta lawo linkaudziwa fodya atagulitsidwa kale ku okushoni ya ku Kanengo, bwana atachotsera zake. Ena ankamaliza chaka ali ndi ngongole m'malo mwa malipiro. Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti m'chaka cha 2021. Tenanti wa masiku amenewo akanakhala ndi pepala lomulola kunena kuti "ichi sitinapangane," kapena kuti "iyi si ntchito ya mwana wanga," mawuwo akanakhala chishango chake. Pakamwa pa munthu wopanda mphamvu, kukana ntchito imene sanapangane nthawi zambiri ndi kupempha chilungamo chabe.

Koma mawu omwewa tinawamvanso akutuluka pakamwa pena. Mmodzi wa ife anapalasa njinga mtunda wautali kukasainitsa pepala ku ofesi ina. Anapeza woyenera kusaina palibe. M'chipindamo munali anthu awiri, ndipo onse anati si ntchito yawo. Sananame. Kusaina sinalidi ntchito yawo, ndipo akanasaina akanalakwa. Chomwe chinamupweteka mnzathuyo n'chakuti palibe mmodzi mwa awiriwo amene anamuuza kuti mwini wakeyo abwera liti, kapena ngati pepalalo lingasiyidwe, kapena ngati panali china chosoweka choti abwere nacho ulendo wachiwiri. Anabwerera, nabweranso patapita masiku, n'kungouzidwa kuti pakusoweka chitupa. Ulendo wachitatu unali wopeweka ndi mawu ochepa okha a tsiku loyamba lija. Apa ndime ya ntchito inasanduka pobisalira.

Kuti tione bwino kusiyana kwake, tiyeni tikhale kanthawi pa munthu amene tonse timamudziwa m'mudzi: mlangizi wa zaumoyo, uja amayeza ana pasikelo pansi pa mtengo. Ndime ya ntchito yake yakula kwambiri. Ntchitoyi inayambira kwa anthu olembedwa mongoyembekezera kuti azibaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960. Kolera atabuka mu 1973, panalembedwa ena oti athandize kulimbana naye. Mu 1995 boma linakhazikitsa ntchitoyi kukhala yokhazikika. Kuyambira pamenepo yakhala ikuwonjezeredwa: katemera wa ana, kuyendera zimbudzi ndi zitsime, kuthira mankhwala m'madzi akumwa, kuyendera amayi oyembekezera, jakisoni wolera, kulondola odwala TB, kulemba malipoti. Kuyambira 2008 alangizi a m'madera ovuta kufikako anapatsidwanso zipatala zazing'ono za m'mudzi, kumene amathandiza ana osakwana zaka zisanu odwala malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma m'madera ambiri amayang'anira oposa pamenepo. Ndipo kolera atabukanso mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anthu omwewa anabwerera ku ntchito yawo yakale ija, zina zonsezo zili pamutu.

M'mudzi ambiri amamutchula "adokotala." Iye amadziwa kuti si dokotala. Tsono taganizani mayi wafika pakhomo pake usiku, mwana ali kumbuyo, thupi lili moto, akukomoka, sakutha kuyamwa. Mayiyo akuchonderera: "Adokotala, mubayeni jakisoni, kwa Kabudula n'kutali, ndilibe ya kabaza." Malangizo a ntchito yake ndi omveka. Mwana wa zizindikiro zoopsa zotere sachizidwa m'mudzi. Mlangizi amapereka chithandizo choyamba chimene anaphunzitsidwa, amalemba kalata, n'kutumiza mwanayo mwachangu kuchipatala, kumene akaona kuti zakula amamupititsa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Akamuuza mayiyo kuti "kuchiza mwana wofika pamenepa si ntchito yanga," akunena zoona, ndipo zoonazo zingapulumutse moyo. Mlangizi wofuna kutamandidwa, amene angamusunge mwanayo kuti aoneke katswiri, angaoneke wachifundo usiku umenewo, koma chifundo chakecho n'chakupha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kudziwa pamene luso lako lathera, ndi kunena poyera ngakhale anthu akukukweza, ndi mbali ya kukhulupirika pantchito imene sitiitama mokwanira.

Komabe taonani kuti mlangizi wabwino sathera pa mawu akuti "si ntchito yanga." Amamufotokozera mayiyo chifukwa chake, m'mawu oti amve, mosamuopseza ndiponso mosamunamiza kuti palibe vuto. Amalemba m'kalata zimene waona ndi mankhwala amene wapereka, ndi nthawi yake, kuti wolandira mwanayo asayambire pachiyambi kapena kubwereza mlingo. Amadzutsa oyandikana nawo kapena anyakwawa kuti papezeke njinga. Patapita masiku amakafunsa kuti zinatha bwanji. Mwa zonsezi, zina zinalembedwa pa ndime yake, zina sizinalembedwe. Kudzutsa mwini njinga yamoto pakati pa usiku palibe anamulembera.

Apa ndiye pamene anthu awiri a mu ofesi aja akusiyana ndi mlangiziyu, ngakhale mawu awo ndi amodzi. Onse anakana kuchita chimene sichinali chawo, ndipo onse anachita bwino kukana. Koma mlangizi anakumbukira kuti malirewo anaikidwa chifukwa cha mwanayo, pamene awiri aja anaganiza kuti malirewo anaikidwa kuti iwo apume. Ntchito imagawidwa chifukwa mutu umodzi susenza denga. Koma dengalo ndi limodzi. Wosenza mbali ino akaona mbali inayo ikupendekeka, sangaisenze iye, koma pakamwa ali napo.

N'chifukwa chake tikuganiza kuti nkhani ya ndime ya ntchito singasiyanitsidwe ndi nkhani ya kuuzana. Zinthu zambiri zimene zimawonongeka pantchito zimawonongekera pakati pa anthu awiri, pamene wina watula ndipo wina sanatole. Mphunzitsi wasamutsidwa osamuuza womulowa m'malo kuti mwana uje samva bwino khutu limodzi. Wogulitsa m'sitolo waweruka osanena kuti thumba lina la feteleza lalipiridwa kale. Mlembi wa komiti ya mjigo walandira ndalama za mwezi n'kuzisunga m'mutu. Palibe mmodzi wa iwo amene anaba kapena kunama. Anangokhala chete, ndipo chetecho chinalipiridwa ndi wina.

Pali kuuzana kwina kovuta kwambiri, kouza wamkulu. Mwambo wathu umatiphunzitsa ulemu, ndipo ndi wabwino. Koma ulemu womwewo umatipangitsa kuyankha kuti "chabwino bwana" pa ntchito imene sitinaimvetse, kapena imene tikudziwa kuti sitingaithe. Timaopa kufunsa kuti tingaoneke mbuli, kuiwala kuti safunsa anadya phula. Timaopa kunena kuti mankhwala atha kapena kuti lipoti lili ndi manambala ongopeka, kuti tingaoneke amwano. Mlangizi amene walemba kuti anayendera nyumba makumi atatu pamene anayendera khumi, chifukwa choopa kukalipidwa, wasocheretsa onse amene adzagawa mankhwala potengera lipotilo. Koma tisamuunjikire mlandu yekha. Wamkulu amene amakalipira aliyense wobwera ndi uthenga woipa amadziphunzitsira yekha anthu omunamiza. Ngati tikufuna kuti otsika azinena zoona, okwera ayenera kukhala anthu oti zoona zikawafika sizimuvulaza wozibweretsa. Ife amene timayesa kuphunzira kukambirana momasuka ndi mwaulemu tikakhala pamodzi chonchi, tidzifunse ngati luso limeneli timapita nalo kuntchito Lolemba, kapena timalisiya pamkeka pomwe pano.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchinena mosabisa, chifukwa chikutikhudza ife makamaka. Timaphunzira kuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira anthu ndi kupembedza. Chiphunzitso chimenechi chimakweza khasu, singano ndi choko pamalo aulemu, ndipo ndicho chimamudzutsa mlangizi uja usiku popanda womulondera. Koma mawu abwino amatha kugwidwa ndi dzanja loipa. Bwana angathe kuuza wantchito kuti "gwira ndi mtima wotumikira" pamene akutanthauza kuti "gwira maola owonjezera popanda malipiro." Bungwe lingathe kumusenzetsa mlangizi ntchito yachisanu ndi chiwiri popanda maphunziro, popanda njinga, popanda kumuchotsera ina, n'kumamuyamikira kudzipereka. Kupitirira ndime ndi mphatso, ndipo mphatso imachokera kwa wopereka. Ikayamba kulamulidwa yasanduka msonkho. Amene akulandira ntchito ya mnzake alibe ufulu wogwiritsa ntchito chiphunzitsochi ngati chikwapu. Gawo lake iye ndi kuloza ndime moona, kulipira pa nthawi yake, ndi kufunsa asanawonjezere.

Mwina ena mwa ife tikuganiza kuti zimenezi n'za mabwana a m'tauni. Koma ambirife tinalembapo munthu ntchito. Tinaitanapo waganyu. Tinatengapo mnyamata woweta ng'ombe kapena woyendetsa ngolo. Ena tinatumizapo mtsikana wa m'mudzi kwa achibale ku Area 25 kapena kwa Chinsapo, atauzidwa kuti akukalera mwana basi. Akafika, mwanayo amalera ndithu, komanso amaphika, amachapa, amakolopa, amagulitsa mandasi pamsewu, amadzuka woyamba n'kugona womaliza. Lamulo la chikalata lija silifika pakhomo pa wantchito mmodzi. Iye sanganene kuti "si ntchito yanga," chifukwa akudya pakhomopo ndipo amene akumutuma amawatcha azakhali. Pamene wantchito alibe pakamwa ponena, udindo wonse woloza ndime umagwera wolemba ntchito, ndipo palibe khoti limene lidzamufunse.

Sitikunena kuti zonse n'zosavuta kusiyanitsa. Pali masiku amene munthu sadziwa ngati kukana kwake n'kudziteteza koyenera kapena ulesi wovala bwino. Mphunzitsi wa ku Nambuma amene wapemphedwa kutenga kalasi ya mnzake wodwala kachitatu mwezi umodzi, avomere kapena akane? Akavomera, ana a makalasi onse awiri aphunzira mwatheka, ndipo akuluakulu saona kuti pakusoweka mphunzitsi. Akakana, ana ena akhala tsiku lonse osaphunzira. Mwina yankho lake n'kuvomera lero n'kukanena poyera mawa kuti izi sizingapitirire. Mwina ena mwa ife muona mosiyana, ndipo ndi bwino timve. Pokambirana, aliyense akumbukire nthawi imodzi imene ananena mawuwa ndi nthawi imodzi imene anauzidwa, afotokoze chimene chinatsatira. Amene tili ndi munthu wotigwirira ntchito pakali pano, kumunda kapena pakhomo, tinene ngati tinamulozera ndime yake tsiku loyamba, komanso ngati ndimeyo ikadali pachulu pomwe tinaloza paja.