Kodi Woimba Foni Alibe Mlandu?

Amayi anzathu, ambiri a ife tili ndi amuna kapena ana amene amayendetsa minibasi pa msewu wa Lilongwe-Mchinji, wodutsa pa Mpingu ndi Namitete. Ena anagula timahedifoni toika m'khutu, ena analumikiza foni ku wailesi ya galimoto kudzera pa Bluetooth, kuti azilankhula manja ali pa chiwongolero. Ife tinati basi zatheka, ndipo timawaimbira nthawi ina iliyonse.

Koma dalaivala sayendetsa ndi manja okha. Mu 2011 bungwe la World Health Organization linanena kuti woyendetsa galimoto ali pa foni chiopsezo chake cha ngozi chimakula pafupifupi kanayi, ndipo kusagwira foni m'manja sikuchichepetsa kwenikweni. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Tsiku la msika, m'mamita amenewo muli ngolo, akabaza ndi mayi wosenza thumba la mtedza.

Ndiye tidzifunse. Tikamuimbira mwana wathu ali pa msewu n'kumuuza kuti agogo ake agonekedwa m'chipatala, kapena n'kumukalipira za ndalama ya feteleza (timatero ndithu), wachotsa maganizo ake pa msewu ndani? Apolisi sadzatifunsa, poti tinali pakhonde kwathu ku Nsaru. Koma kodi mlandu ndi wake yekha? Mwana woleredwa bwino sadula foni ya mayi ake. Ulemu umene tinamuphunzitsa tokha ndi umene ukumuika pangozi.

Choncho akayankha, tiyambe tamufunsa kuti, "Uli pa chiwongolero, mwanawe?" Akati inde, tidule ndife.