Miyala ya Atsibweni

Padangokhala!

Tili tonse.

M'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene minda ya tiyi yayala ngati mphasa yobiriwira, mudali mudzi wina m'mphepete mwa kamtsinje. Kamtsinjeko kankatsika m'phirimo, n'kuzungulira kumunsi kwa mudziwo, kenako n'kukathira mu Ruo. Tsono chilichonse chimene anthu a m'mudzimo ankafuna chidali kutsidya: sukulu ya pulayimale, esiteti ya tiyi, chigayo, ngakhalenso msewu wa tala wopita ku Chitakale mbali ino ndi ku Limbuli mbali inayo.

Tambala wachiwiri akangolira, kanjira kotsetsereka kupita kumtsinje kankadzaza. Oyambirira ankakhala othyola tiyi, madengu ali kumsana, atadzimanga mapepala apulasitiki m'chiuno poopa mame, akufulumira kuti kapitawo angawalembe kuti ajomba. Dzinja ndiyo nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri, ndipo wochedwa kulowa m'munda amakafika pa sikelo ndi dengu lopepuka. Pambuyo pawo pankabwera amayi ogulitsa zinanazi ndi nthochi, mabeseni ali pamutu. Omalizira adali ana asukulu, makope ali mu jumbo, kapu ya phala ili m'manja, ndipo amene adali ndi nsapato ankazikoleka m'khosi kuti akavalire kutsidya.

Kale pamalopo padali mlatho wa mitengo ya bulugamu. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, madzi adatsika m'phiri pamodzi ndi matope ndi miyala, mlathowo n'kupita usiku umodzi wokha. Anthu adalira maliro, adamanganso nyumba zawo, koma za mlatho aliyense ankangoti, "Abwera adzakonza."

M'mudzimo mudali agogo ena aamuna amene adathyola tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka msana udapindika. Iwowa sadadikire munthu. Chilimwe chonse, madzi ataphwa, ankapita kumtsinje ndi mtengo wolimba wa bulugamu, n'kumakunkhuniza miyala ikuluikulu kuchokera kumtunda, lero pang'ono, mawa pang'ono. Pofika Okutobala, miyala isanu ndi iwiri idali itandanda kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo, yosalala pamwamba, yosagwedera. Ana adayamba kuwatchula kuti agogo a miyala. Mvula ikagwa usiku, othyola tiyi ankawapeza ali kale pamenepo kusadache, akugwedeza mwala uliwonse ndi phazi, akupala ndere kuti mwana angaterereke.

Agogowo adali ndi mphwawo, mwana wa mlongo wawo, mnyamata wamphamvu wa mapewa otambalala. Adalemba mayeso a Fomu 4 n'kukhoza, koma ntchito idasowa. Adakayesa ku Limbe, n'kubwerako ndi nsapato zakutha basi. Mtima wake wonse udali pa njinga yamoto ya kabaza. Akafika pa Chitakale ankaima nthawi yaitali, kuyang'ana anzake akunyamula makasitomala, madzulo n'kugula shuga ndi sopo wopita naye kunyumba. Musamuyese munthu woipa kuyambira pa chiyambi mnyamata ameneyu. Ankawazira amayi ake nkhuni, ankathandiza mlongo wake masamu. Koma umphawi ukakhalitsa m'nyumba umayamba kunong'oneza zinthu m'khutu.

Tsiku lina mu Januwale madzi adakwera mpaka kumiza miyala ija. Aphunzitsi ena aakazi adaima pagombe akuyang'ana wotchi. Mnyamatayo adapinda buluku, adawabereka, n'kuwawolotsa bwinobwino. Atawatsitsa, aphunzitsiwo adamufumbatitsa K500. Iye adakana kamodzi, kachiwiri adalandira.

Usiku umenewo tulo sitidabwere. Adayamba kuwerenga anthu amene amawoloka tsiku lililonse, kupita ndi kubwerera, ndipo adaona njinga yamoto itaima pakhomo pawo. Chomutsekereza chidali chimodzi: madzi akatsika, miyala idzaonekanso, ndipo palibe amene adzafune msana wake.

Patapita masiku atatu, usiku wopanda mwezi, kukugwa kamvula kowaza, adatenga mtengo wa bulugamu womwewo umene atsibweni ake ankautsamiritsa kuseri kwa nkhokwe. Adalowa m'madzi ozizira aja, adalowetsa mtengowo pansi pa mwala wapakati, n'kukankha. Mwala udatembenuka, madzi adaulandira, udagubuduka kulowera kumunsi. Adachita chimodzimodzi ndi miyala ina iwiri yoyandikana nawo. Ntchito ya miyezi idatha tambala asadalire.

Kutacha, anthu adapeza mpata waukulu pakati pa mtsinje, pomwe madzi ankathamanga kwambiri, ndipo mnyamata ali chilili pagombe.

"Madzi atenga miyala usiku," adatero. "Koma musadandaule, ndilipo. Akuluakulu K200, ana K100."

Othyola tiyi adang'ung'udza, koma kujomba kumadula kuposa K200. Adalipira.

Agogo aja adafika ndi ndodo yawo. Adayang'ana mpatawo, adayang'ana bango la m'mphepete, kenako adawerama n'kutola kakhungwa ka bulugamu kamene kadatsalira pa mwala wachiwiri.

"Mphwanga," adatero motsitsa mawu, "taona pamene madzi a usiku adalekeza pa bangopa. Madzi otere sangasunthe mwala umene ndidaukhazika ine."

"Atsibweni, madzi alibe malamulo," mnyamatayo adayankha akuyang'ana kumbali.

"Ali nawo, mwanawe. Madzi saiwala khwawa. Chimene wawapatsa amasunga."

Sadanenenso kanthu, ngakhale kwa mlongo wawo. Adayesa okha kubwezera mwala umodzi, koma mtsinje wa dzinja si wa munthu wokalamba. Adatulukamo akunjenjemera, ndipo chifuwa chidawagoneka.

Ndalama zidayamba kulowa. Mnyamatayo ankaziika m'chitini chimene adakwirira pansi pa nthochi. Koma K100 tsiku lililonse, kupita ndi kubwerera, si ndalama yochepa kwa mayi wa ana anayi. Ana ena adayamba kubwerera pagombe. Ena, poopa kukalipiridwa kunyumba, ankabisala m'nthochi mpaka dzuwa lifike pamutu, n'kubwerera ngati aweruka, m'mimba muli gwaa chifukwa phala la kusukulu adaliphonya. Ndipo ena olimba mtima adapeza malo ena kumunsi, pamene mtsinje umatambalala usadagwere m'dziwe lakuya, pobisika ndi nsungwi. Pamenepo ankawoloka atagwirana manja, mayunifolomu atawakwinyira m'mwamba.

Mlongo wake wa mnyamatayo adali mu Sitandade 8, akukonzekera mayeso. Iyeyo ankamuwolotsa ulere. Koma mtsikanayo adali ndi mnzake wapamtima, mwana wamasiye wokhala ndi agogo ake, amene K100 sankaiona ngakhale pa sabata. M'mawa wina mtsikanayo ali kale kumsana adati, "Achimwene, mukanditsitsa mubwerere mnzangayu. Alibe ndalama."

"Ndikayamba ndi mmodzi, mawa mudzi wonse udzasanduka wamasiye," adatero mchimwene wakeyo.

Mtsikanayo adakhala chete pang'ono. Kenako adati, "Nditsitseni."

"Ukuti chiyani?"

"Nditsitseni, achimwene. Kumene akawolokere mnzanga, inenso ndikawolokera komweko."

Mnyamatayo adaganiza kuti ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Koma kuyambira pamenepo mlongo wake sadakwerenso pamsana pake.

Tsono amene adakulira m'tsinde mwa Mulanje amadziwa chinthu chimene alendo sachidziwa. Mtsinje wa kumeneko ungadzaze kumudzi kuli dzuwa. Phirilo ndi lalitali, nsonga yake ya Sapitwa imapitirira mamita 3,000, ndipo limakoka mitambo. Mvula ikagwa pamwambapo, madzi sapeza dothi lokwanira kuti alowe pansi. Amatsetsereka pa matanthwe n'kusonkhana m'zigwa, ndipo amafika kumunsi mwadzidzidzi. Chizindikiro chake ndi mkokomo wa miyala ikugundana pansi pa madzi, kenako madzi oyera aja amasanduka ofiirira, atanyamula masamba ndi timitengo.

M'mawa wina mu Febuluwale kumudzi kudacha bwino, koma pamwamba pa phiri padali mtambo wakuda bii. Mnyamatayo adali atawolotsa anthu asanu ndi mmodzi. Akubwerera, adaona masamba a mitengo ya m'phiri akuyandama, madzi akumufika m'chiuno pamene ankamufika m'mawondo. Adathamangira kumtunda, nauza amene adatsala kuti adikire. Nthawi yomweyo kudamveka kukuwa kuchokera ku nsungwi kuja.

Adathamanga ngati wamisala. Adapeza mwana wamasiye uja ali pagombe, atanyowa thupi lonse, akuloza m'madzi osatha kuyankhula. Pakhosi pa dziwe, pamene madzi onse amapanikizana asadagwe, padali mlongo wake. Madzi ankamuwomba pachifuwa, jumbo ya makope itapita kale. Manja ake onse awiri adali atakumbatira mwala waukulu wosalala pamwamba.

Mnyamatayo adauzindikira mwalawo. Pambali pake padali chipsera chimene mtengo wa bulugamu udasiya usiku uja. Miyala itatu ija idagubuduka n'kudzakodwa pamenepo, wina pamwamba pa unzake, ndipo ndiyo yokha idatsekereza mwanayo kuti asagwere m'dziwe.

Adadziponya m'madzi molunjika kwa mlongo wake, koma madzi adamukankhira pagombe ngati chiputu. Adayesanso, adamenyetsa bondo pa thanthwe. Mphamvu zimene ankagulitsa tsiku lililonse sizidakwane. Adakuwa, "Anthu inu, thandizeni! Mlongo wanga!"

Amene adabwera adali omwe aja ankawalipiritsa: othyola tiyi amene adataya madengu pansi, amayi a zinanazi, ndi aphunzitsi aja. Palibe adafunsa za K200. Amayi adavula zitenje zapamwamba n'kuzilumikiza, wina adabwera ndi chingwe cha mbuzi. Ndipo pambuyo pawo, akutsokomola, atafunda bulangete, adafika agogo a miyala. Mkokomo adaumva ali chigonere.

"Usalimbane nawo madzi, mphwanga!" adakuwa ndi mawu osasa. "M'mangeni m'chiuno. Kalowere kumtunda uko, pa mkuyu. Asiye madziwo akutenge okha, akufikitsa pamwalapo. Inu gwirani chingwe, musakoke mpaka nditanena."

Adachita momwemo. Madzi adamutenga, adamuzunguza, n'kumuwombetsa pa mwala womwe uja. Adagwira mlongo wake m'chiuno. Zala za mtsikanayo zidali zitauma pamwalapo, moti adachita kuzimasula chimodzichimodzi. "Kokani!" adatero agogo. Anthu adakoka, ndipo awiriwo adatuluka ali matope okhaokha, amoyo.

Agogowo adavula bulangete lawo n'kumufunditsa mwanayo. Anthu adayamba kuyamika mnyamatayo kuti ndi mwamuna. Mawu amenewo adamubaya kuposa bondo lotupa lija. Adagwada m'matope momwemo.

"Musandiyamike," adatero akulira. "Miyala sidatengedwe ndi madzi. Ndidaichotsa ndine, usiku, ndi mtengo wa atsibweni."

Padali zii. Mayi wina amene ana ake adajomba masabata atatu adatembenuka n'kuchokapo osayankhula. Amayi ake a mnyamatayo, amene adali atangofika, adaphimba nkhope ndi chitenje.

Madzulo ake adafukula chitini chija n'kupita nacho kwa amfumu. Pabwalo anthu adayankhula zowawa, ndipo iye adamva zonse ali chogwada. Adagwirizana kuti ndalamazo zigulire makope ndi zolembera ana onse amene adajomba, kuyambira ndi mwana wamasiye uja. Mlongo wake adakopera notsi za chaka chonse kuchokera kwa anzake, usiku, pa nyali ya batire. Ndi mchimwene wakeyo sadayankhulane mpaka mwezi udatha. Masiku onse otsala a dzinja, mnyamatayo ankakhala pagombe kuyambira tambala wachiwiri, kuwolotsa aliyense popanda kulandira kanthu, ndipo kukada mtambo kuphiri ankaletsa ndi akuluakulu omwe.

Mu Juni, madzi ataphwa, chiperoni chikuwomba, adapita ku khosi la dziwe kuja ndi mtengo wa bulugamu. Miyala imene idatsika usiku umodzi idamutengera masabata asanu kuti ayikweze. Manja adatuluka matuza, matuzawo adaphulika. Sabata yachitatu, amuna awiri othyola tiyi adabwera Lamulungu masana ndi mitengo yawo, osanena kanthu, n'kuyamba kukankha naye.

Agogo ankakhala pagombe atafunda bulangete, akulangiza. "Mbali yosalala iyang'ane kumwamba. Mphuno yake iloze kumene madzi akuchokera, kuti aziupatuka. Tsopano tsendera timiyala pansi mpaka usiye kuyankhula ukaupondapo."

Mwala wachisanu ndi chiwiri utakhazikika, mnyamatayo adawoloka kawiri, kupita ndi kubwerera, n'kunena kuti, "Atsibweni, yatha."

"Wayesa ndi miyendo ya yani?" adafunsa agogowo.

Adaitana kamtsikana ka Sitandade 1 kamene kankaonerera kali ndi kapu yake m'manja. Kadaponda mwala woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi kadaima, kadatambasula mwendo, koma sikadafikire. Kadayang'ana madzi, kenako kadayang'ana mnyamatayo.

"Ine ndidalakwitsa pomwepo chaka chatha," adatero agogo. "Ndinkaona ana akudumpha, mphamvu zokonzera n'zimene zidandithera."

Mnyamatayo adanyamula mwanayo n'kumubwezera pagombe. Adatola mtengo wake wa bulugamu, n'kuyamba kukwera m'mphepete mwa mtsinje kukafuna mwala wachisanu ndi chitatu.