Nzeru Zayekha Anaviika Nsima M'madzi

Mwa miyambi imene makolo athu anatisiyira ilipo ingapo imene ntchito yake ndi kunyoza munthu mosamutukwana, ndipo wamkulu mwa yonseyo, m'kuona kwanga, ndi uwu wakuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Nzeruzayekha ali ndi abale ake awiri a bere limodzi, Safunsa amene anadya phula, ndi Ndadziwakale amene anamanga nyumba yopanda khomo. Amuna atatu amenewa palibe anawaona ndi maso, palibe adziwa mudzi wawo kapena mfumu imene inkawalembera msonkho, komabe maina awo amveka kawirikawiri pa Songani, pamsewu wochoka ku Zomba kulinga ku Liwonde, paliponse pamene munthu wachita chopusa pamaso pa anzake, ndipo anzakewo afuna kumuuza popanda kuutsa ndewu.

Mwambiwu sunena chimene chinamuonekera munthuyu, ndipo womva aliyense amadzazamo yekha. Wina angaganize za mlendo amene anampatsa nsima pamodzi ndi madzi osamba m'manja, ndipo iye, posafuna kuoneka wosadziwa mwambo wa eni mudzi, anayesa madziwo ndiwo, natema mbamu, naviika. Wina angaganize za mkute umene unauma usiku, mwini wake nakana uphungu wakuti auotche pamakala, nauponya m'madzi kuti ufewe, napeza chinthu chosakhala nsima, chosakhalanso phala. Njira zonsezi zifika pamodzi. Kudya nsima ndiyo nzeru yoyamba imene mwana aphunzira ali pamiyendo pa amake, kotero kuti kumuuza munthu wandevu kuti walephera pa nsima ndiko kumutsitsa pansi pa khanda. Koma taonani kumene makolo anaika mlandu. Sanati munthuyo analibe nzeru, iai. Nzeru anali nazo, mwina zochuluka, koma zinali zayekha. Wogwira zinthu mochedwa, amene mutu wake ulandira pang'onopang'ono, mwambiwu ulibe naye kanthu. Umene ulondola ndi mtima wodzikuza umene uyesa kufunsa chinthu chamanyazi.

Kuti muone umo mwambiwu ugwirira ntchito, imani pang'ono pamthunzi pamene akonza njinga, pakuti pa Songani njinga nzambiri, za kabaza zonyamula anthu, zina zosenza matumba a mpunga wa ku Domasi ndi madengu a matemba a ku Chilwa. Mnyamata wophunzira ntchito kwa amalume ake wapatsidwa gudumu lopindika kuti aliwongole. Ntchito imeneyi ifuna kudekha: umanga sipoko imodzi pang'ono, numasula ya mbali inayo pang'ono, nuzunguza gudumu chala chili pafupi ndi limu kuti umve pamene likhudza. Koma mnyamatayo, poona kuti amalume atanganidwa ndi kumata chubu cha wina, ndiponso pofuna kuti mwini njinga amuyese mmisiri, amanga masipoko onse a mbali imodzi kufikira atalira, ndipo gudumu limene linadza lopindika malo amodzi tsopano livina ponseponse. Amalume sakweza mawu. Alitenga gudumulo, alizunguza kamodzi, aliyang'ana nthawi yaitali ndi nkhope ya munthu woona chozizwitsa, ndipo potsiriza atembenukira kwa mwini njinga, osati kwa mwana wa mlongo wawo, nati, "Achimwene, uja anaviika nsima m'madzi, kodi munamva kuti anasiya ana kuno?" Onse a pamthunzipo afa nacho chiseko, ndipo mnyamatayo, atayang'ana pansi kanthawi, asekanso, nafunsa motsitsa mawu, "Nanga ndiyambire pati, amalume?"

Dzina la mnyamatayo silinatchulidwe, ndipo palibe anamuloza chala. Wonyozedwa anali munthu wachitatu, wakale, wosakhalapo, ndipo mnyamatayo anasiyiridwa mpata wakuti asankhe yekha ngati ali mwana wa Nzeruzayekha kapena ayi. Akadamuuza kuti ndiwe chitsiru, akadayenera kuyankha, pakuti mwamuna wotukwanidwa pagulu ayenera kubweza kapena kuchoka. Koma mwambi suyankhidwa, ndipo woukwiyira wavomera yekha kuti ngwake.

Si kuti chinenero chathu chisowa mawu olasa mwachindunji. Mbuli, chidzete, mbutuma, ndi kape wa anyamata a masiku ano, onsewa alipo, ndipo amatuluka msanga pamene kondakitala wa minibasi ndi wokwera asemphana pa chenje. Pakati pa mawu oumawa ndi miyambi pali mafunso aulemu wachiphamaso, amene ine ndiwakonda ngakhale ndidziwa kuti si onse oyera: "Kodi nzeru mwaiwala kunyumba, tikutumireni mwana?" kapena "Mutuwo, bambo, ngwongovalira chipewa?" Wophunzira akalakwa ndiye mafunso achuluka, pakuti dera lino lakhala pakati pa masukulu nthawi yaitali: mishoni ya Domasi inayamba mu 1884, sukulu ya Jeanes yophunzitsa aphunzitsi ndi mafumu inatsegulidwa komweko mu 1929, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Anthu amene aona ophunzira ochuluka chotere saopa satifiketi, ndipo kalaliki wolephera kuwonkhetsa ndalama za matumba asanu adzafunsidwa mokoma, pamaso pa onse, ngati sukulu analowera pawindo. John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko linawadziwa monga Izeki ndi Jakobo, anaseketsa Amalawi zaka zambiri ndi kutola kotereku, ndipo chimene chinkakoma nchakuti wooneka wopusa si ndiye ankagonja nthawi zonse.

Chilipo chitonzo chimodzi chimene mzinda wathu wa Zomba unapatsa dziko lonse, ndipo sindinyada nacho. Chifukwa cha chipatala cha odwala maganizo chimene chinatsegulidwa pa Zomba mu 1953, munthu wa ku Karonga kapena ku Nsanje akafuna kunena kuti mnzake mutu sukuyenda bwino, angoti, "Ameneyu ngofunika ku Zomba," ndipo onse amva. Nchitonzo chaulesi, chosafuna luso, ndipo chigwera anthu amene sanalakwe kanthu, odwala ndi abale awo amene atsika basi ndi kamtolo ka zovala ndi chakudya kudzawaona. Makolo anaika malire pamenepa pamene anati chitsiru chili ndi mwini, ndiko kuti munthu amene inu mumuseka pamsika ali ndi amake amene anamubala ndi zowawa, ali ndi mlongo amene adzamva kuseka kwanu nalira. Anatinso wamisala anaona nkhondo, pokumbutsa ochenjera kuti chenjezo lidza ndi pakamwa pamene sayembekeza. Ndipo amene anakulira m'tchalitchi adziwa kuti Buku Lopatulika, ngakhale Miyambo ya Solomo isanyengerera wopusa ndi pang'ono pomwe, lichenjeza kolimba za kutcha mbale wako chitsiru. Kotero sindizizwa kuti akulu a mpingo, amene mkwiyo uwadzera monga anthu ena onse, ndiwo akatswiri a miyambi.

Funso lakuti anyoza ndani ndi lalikulu kuposa lakuti wanena chiyani. Asuweni atolana kufikira misozi ya chiseko, agogo atcha mdzukulu wawo maina amene atate ake sangayese, ndipo ku Zambia Abemba ndi anthu a kuchigawo cha kum'mawa asungabe chimbuya chawo, chimene chiwalola kunyozana ngakhale pamaliro. Koma mawu omwewo akachoka pakamwa pa mkamwini kupita kwa apongozi, mlandu wake ufika kwa ankhoswe.

Tsono wamng'ono adzanena bwanji kwa wamkulu kuti wapusa? Apa ndipo mwambi wathu uonetsa mano ake onse, pakuti Nzeruzayekha kawirikawiri si mnyamata wa masipoko, koma munthu wa udindo, wa mabuku, amene palibe angamuletse. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda, limene likulu lake linali pa Zomba pomwepa, linaumiriza anthu malimidwe atsopano oteteza nthaka: kuleka matutu, kulima mizere yopingasa chitunda, ndi kukumba milambala. Osamvera ankalipitsidwa, ena kumangidwa, ena kuzuliridwa mbewu, ndipo dera la Domasi linali litasankhidwa kale, kuyambira 1949, kukhala poyesera chitukuko cha m'midzi. Alangizi aja sanali mbuli, ndipo sananame pamene ankati mvula ya m'mapiri a Zomba ndi Malosa ikokolola nthaka. Chimene sanachite ndi kukhala pansi pabwalo ndi kufunsa kuti milambalayo adzakumba ndani m'chilimwe nthaka itauma gwaa, pamene amuna ambiri anali ku Joni ndi ku Salisbury, ndipo khasu linatsala m'manja mwa akazi a ana kumbuyo ndi nkhalamba. Sanafunse chifukwa chake mayi wa m'dambo aunda matutu pamene mnzake wa kumtunda sachita chomwecho. Anadza ndi chingwe choyezera ndi buku la milandu, ndipo anthu amene sakadatha kutcha Bwana Disii chitsiru anali ndi njira zawo zonenera chomwecho iye ali chiimire, womasulira nasowa chomasulira.

Mu 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa, mkwiyo wa malimidwe unasanganizika ndi mkwiyo wa chitaganya m'maboma a kum'mwera, ndipo andale a chipani cha Congress anapeza m'midzi anthu okonzeka kale kuwamvera. Ufulu utayandikira, chikakamizo chinatha, ndipo milambala yambiri inasiyidwa kuti ifafanizike. Mizere yokha inatsala, ndipo lero mlimi wa kwa Malemia aiunda chaka ndi chaka popanda mesenjala womuimirira.