Digiri ya Biotechnology ndi Funso la Kumene Mwana Adzagwire Ntchito

Chaka chilichonse maina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akatuluka, m'mabanja amene mwana wawo watengedwa kukaphunzira biotechnology mumamveka funso lakuti, "Ndiye akamaliza adzagwira ntchito kuti?" Wotengedwa ku unamwino, ku uphunzitsi kapena ku zamalamulo safunsidwa chotero, popeza dzina la maphunziro ake limanena kale ntchito imene adzagwire. Anthu ena ophunzira amalipeputsa funsoli poganiza kuti likuchokera kwa makolo osadziwa kumene dziko likulowera, koma ndi funso lolemera, ndipo amene amangoyankha kuti imeneyi ndi sayansi ya m'tsogolo amakhala atalizemba. Digiriyi ndi yofunika, ndipo Malawi sangakhale wopanda anthu oiphunzira, komabe phindu lake silili pamene oitamanda amakonda kuloza, choncho wachinyamata amene akuilowa ayenera kuuzidwa zimenezi asanalipire fizi ya chaka choyamba.

Biotechnology ndi luso logwiritsa ntchito zamoyo, kapena tizigawo take monga maselo ndi ma enzyme, popanga chinthu chimene munthu akufuna kapena pofufuza matenda. Ma enzyme ndi mapuloteni amene amafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'zamoyo, ndipo ndi omwewo amene ali m'chimera ndi kusandutsa ufa kukhala shuga pofulula thobwa. Luso lamakono linayamba mu 1973, pamene Stanley Cohen ndi Herbert Boyer anadula DNA, chingwe chosunga malangizo a chibadwa m'selo, n'kulowetsa kachigawo kake m'bakiteriya kuti azikachulukitsa. Pofika 1978 kampani ya Genentech inali itapangitsa bakiteriya wa E. coli kutulutsa insulin wa munthu, amene analoledwa kugulitsidwa mu 1982, pomwe kale odwala shuga ankadalira insulin wochotsedwa m'ziwalo za nkhumba ndi ng'ombe zophedwa. Mu 2012 Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anaonetsa kuti CRISPR-Cas9, chida chimene mabakiteriya amadzitetezera nacho ku mavayirasi, chikhoza kulondoleredwa kukadula DNA pamalo amene munthu wasankha.

Chimene sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti mwa anthu onsewa palibe amene anachita digiri yoyamba yotchedwa biotechnology. Cohen anali dokotala, pamene enawo anazama mu biochemistry, phunziro la mankhwala a m'matupi a zamoyo, ndi microbiology, phunziro la tizilombo tosaoneka ndi maso. Apa ndi pamene pachokera chitsutso choyamba, chakuti biotechnology ndi bwalo limene maphunziro angapo amakumanirapo, ndipo kuika mwana pabwalopo asanazike mizu m'phunziro limodzi n'kumusiya wolawa zonse koma wosakhuta chilichonse. M'zaka zinayi ayenera kudutsa mu chemistry, genetics, masamu owerengera zotsatira za kafukufuku, kusanthula DNA pakompyuta, kuweta tizilombo m'matanki akuluakulu, malamulo ndi zamalonda zomwe. Otsutsawo amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo sakunama, chifukwa fakitale yofuna woyesa ubwino wa katundu imathamangira wa chemistry, kampani ya mbewu imafuna wa zaulimi, pamene labotale ya chipatala imalandira amene anaphunzira ntchito ya labotale ya zachipatala n'kulembetsedwa ku Medical Council of Malawi.

Chitsutso chimenechi chili ndi mankhwala ake, amene ndi kulemeretsa zaka ziwiri zoyambirira ndi chemistry, biochemistry ndi masamu, ngakhale ophunzira atadandaula kuti sanabwerere zimenezo, kenako n'kuwalola kusankha njira imodzi, ya zomera, ya ziweto kapena ya matenda a anthu. Zipangizo zimasintha msanga kuposa mabuku, moti makina amene wophunzira wachaka choyamba akuwaona lero akhoza kukhala atatha ntchito iye asanakwanitse zaka khumi pa ntchito, koma chifukwa chimene puloteni amaonongekera akatenthedwa sichidzasintha.

Pali china chimene digiriyi imapereka chimene buku silingapereke, ndicho manja ozolowera. PCR, njira yochulukitsira kachigawo ka DNA imene Kary Mullis anaitulukira mu 1983, ikhoza kufotokozedwa pabolodi m'mphindi khumi. Zosakaniza zimatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 95 kuti nthambo ziwiri za DNA zilekane, zimaziziritsidwa kufika cha m'ma 55 kuti tizidutswa tolozera malo ofunikawo timatirire, kenako zimakwezedwa kufika 72 kuti enzyme ya Taq, yochokera kwa bakiteriya wa m'akasupe otentha a ku Yellowstone, ilumikize nthambo yatsopano. Zimenezi zikabwerezedwa ka 30, kachigawo kamodzi kamakhala katachuluka kufika pafupifupi biliyoni imodzi. Kuchita kwake n'kwina. Wophunzira amagwira pipette, kachipangizo kotapira madzi ochepa kwambiri, ndipo ayenera kuthira mlingo wochepa kuposa dontho m'kabotolo kocheperapo kuposa nsonga ya chala, akusintha kansonga ka pulasitiki nthawi iliyonse, atasunga enzyme pa ayezi. Pambali pa timabotolo ta zimene akuyesa amaika kamodzi kamene m'malo mwa DNA wathiramo madzi okhaokha. Akadzawalitsa zotsatira n'kupeza mzere woyera, wosonyeza DNA, pamalo a kabotolo ka madzi kaja, amadziwa kuti penapake DNA yachilendo inalowerera, mwina pa gulovu kapena m'botolo limene linasiyidwa losatseka, ndipo ntchito ya tsiku lonse iyenera kutayidwa ngakhale mizere inayo ikuoneka yokongola chotani. Munthu amene wataya ntchito yake mwa njira imeneyi kangapo amaphunzira kusakhulupirira zotsatira zimene zikumukomera, ndipo khalidwe limeneli ndilo chuma chenicheni cha digiriyi.

N'chifukwa chake vuto la ndalama silingakankhidwire kumbali. Pafupifupi mankhwala onse a ntchitoyi amaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene zimasowa, ambiri amafunika kusungidwa pa madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali popanda jenereta, katundu wa mamiliyoni amaonongekera m'firiji momwemo. Ambiri amene anadutsa m'sukulu za sekondale zoyendera akukumbukira mmene ankalowezera mtundu umene madzi amasanduka asidi akathiridwa, osaonapo botolo lake mpaka pafupi ndi mayeso a MSCE. Anakhoza ndithu, koma njira imeneyo ikafika ku yunivesite imatulutsa munthu wodziwa kujambula ndondomeko ya PCR amene dzanja lake limanjenjemera akapatsidwa pipette. Maphunziro a biotechnology ochitikira m'kalasi mokha sayenera kutchedwa ndi dzina limeneli, ndipo yunivesite imene ilibe mphamvu zoika ophunzira ake pa benchi sabata iliyonse ingachite bwino kutenga ochepa.

Komabe nkhaniyi ikangoyang'aniridwa pa wophunzira yekha, mbali yaikulu imatsala. Pa njala ya 2002 maiko a kuno kummwera kwa Africa analandira chimanga cha chithandizo chochokera ku America chimene china mwa icho chinali chosinthidwa chibadwa. Zambia, motsogozedwa ndi Levy Mwanawasa, inachikana, pamene Malawi anachilandira koma nkuti chigayidwe kuti wina asachibzale. Kaya wina akugwirizana ndi mbali iti, chimene chinaonekera poyera n'chakuti chigamulo chokhudza miyoyo ya anthu anjala chinapangidwa mwachangu, akatswiri akeake a maikowa odziwa kuyesa ndi kutanthauzira nkhaniyo ali ochepa. Chaka chomwecho Malawi anakhazikitsa lamulo loyang'anira zamoyo zosinthidwa chibadwa, mu 2013 thonje la Bt linayamba kuyesedwa m'munda wotchingidwa ku Bunda, ndipo zaka zingapo pambuyo pake alimi analoledwa kulibzala. Thonjeli linaikidwa malangizo ochokera kwa bakiteriya wa m'nthaka, Bacillus thuringiensis, kuti lizipanga puloteni wopha mbozi zoboola zipatso zake, koma silipha nsabwe ndi tizilombo tina toyamwa masamba. Komanso mbozi zimazolowera, monga zinachitikira ku India kumene mbozi yofiirira inasiya kufa ndi thonje lotere. Payenera kukhala munthu wotola mbozi m'minda ya ku Chikwawa, Balaka ndi Salima chaka ndi chaka n'kuziyesa, ndipo munthu ameneyo sayenera kukhala wolembedwa ntchito ndi wogulitsa mbewuyo.

Nthochi zikuonetsa bwino koposa. Matenda a chisaka, amene vayirasi yake imafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi komanso ana a nthochi ozulidwa m'munda wodwala, anasesa minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay mpaka dziko lolima nthochi linayamba kudya za ku Tanzania ndi Mozambique. Njira yobwezeretsera mindayi imadalira kumeretsa mbande m'mabotolo: kamtima ka mphukira kamasendedwa mpaka kutsala kakang'ono, kamatsukidwa ndi mankhwala ophera tizilombo, n'kuikidwa pa chakudya chonga phala lolimba chokhala ndi shuga, mchere wa zomera ndi michere yochititsa kuphuka, ndipo kuchokera pa kamodzi pamatuluka mbande mazanamazana. Koma botolo palokha silichiza chisaka. Ngati nthochi yoyambayo inali ndi vayirasi, ana ake akhoza kukhala nayo, ndipo labotale ikhoza kufalitsa matenda mwachangu kuposa nsabwe. Chotchinjiriza n'kuyesa kholo la mbandezo ndi PCR zisanachulukitsidwe, ntchito imene imafuna munthu uja amene saiwala kabotolo ka madzi. Za matenda a anthu n'chimodzimodzi, popeza pamene poliyo anapezeka ku Lilongwe kumayambiriro kwa 2022, kutsimikiza kuti kachilomboko kanali kachibale ndi ka ku Pakistan kunachitikira m'malabotale a ku South Africa ndi ku America.

Apa ndi pamene chitsutso chovuta koposa chimadzuka, ndipo sichitheka kuchithetsa ndi mfundo zili pamwambazi. Chosowa cha dziko si malipiro a munthu. Kunena kuti Malawi akufunika oyesa mbewu ndi osanthula mavayirasi sikutanthauza kuti pali mipando yowadikira, ndipo banja limene lagulitsa mbuzi ndi fodya kuti mwana amalize zaka zinayi silinalonjeze kuthandiza dziko kudzaza mpata umenewo. Makampani opanga mankhwala kapena katemera pogwiritsa ntchito maselo amoyo, amene ku Boston kapena ku Hyderabad amalemba achinyamata ochuluka, kuno kulibe. Malo a kafukufuku monga Chitedze, Bvumbwe ndi Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre alipo ndipo amagwira ntchito yotamandika, koma sangalembe onse omaliza maphunziro, ndipo mipata yambiri ya kafukufuku imadalira thandizo la zaka zowerengeka, moti pulojekiti ikatha wogwira ntchito amabwerera kukalemba makalata ofunsira ina. Amene akhoza kwambiri amapeza mwayi wa digiri yachiwiri kunja, ena osabwerako, osati chifukwa chosakonda kwawo, koma chifukwa luso limene aphunzira limafuna benchi imene kwawo kulibe. Sichilungamo kuuza wachinyamata kuti apirire chifukwa dziko lidzamufuna tsiku lina, pamene amene akunena mawuwo ali pa malipiro a mwezi ndi mwezi.

Kuvomereza zimenezi kumasuntha mlandu kuuchotsa pa mwana ndi makolo ake n'kuuika pa amene amatsegula maphunzirowa ndi amene amalemba anthu ntchito za boma. Dziko limene lavomereza mbewu zosinthidwa chibadwa lavomerezanso, kaya likudziwa kapena ayi, udindo wolipira anthu ozilondola, ndipo mipando yawo iyenera kulembedwa m'ndondomeko ya ntchito za ulimi, zachilengedwe, zaumoyo ndi ku Malawi Bureau of Standards, osati kusiyidwa m'manja mwa opereka thandizo. Wophunzira naye ayenera kulowa akudziwa kuti m'phunziro limeneli digiri yoyamba kawirikawiri imatsegula khomo la ntchito yothandizira mu labotale kapena la maphunziro ena, ndipo kutsogolera kafukufuku kumafuna zaka zina zoonjezera. Asanasankhe, iye ndi makolo ake ali ndi ufulu wofunsa yunivesite kuti ophunzira amathera maola angati pa sabata akugwira okha zipangizo, kuti makina a PCR amodzi amagawana anthu angati, kuti chaka chachitatu amatumizidwa kuti kukazolowera ntchito, ndiponso kuti amene anamaliza zaka zisanu zapitazo akuchita chiyani lero. Yunivesite iliyonse ikhoza kusonkhanitsa mayankho amenewa popanda ndalama zambiri, n'kuwasindikiza pamodzi ndi chikalata choitanira ophunzira atsopano.