Pamene panali khonje

Mwezi wa Okutobala kwathu kuno ku Nsaru ndi wososa minda, ndipo ndi mwezi womwe milandu ya malire imachuluka pabwalo la amfumu. Dzulo madzulo ndinatsikira kudambo kukaona dimba, ndipo ndinaima kanthawi pamalo pamene kale panali mzere wa khonje. Lero palibe ndi tsinde limodzi lomwe.

Khonjeyo anabzala ndi agogo aakazi, pofuna kulekanitsa ndime yawo ndi ya mnansi wina amene ankakokanakokana naye chaka ndi chaka. Mnansiyo atasamuka, amfumu anapereka ndime yake kwa agogo omwewo, mbali zonse ziwiri n'kukhala za munthu mmodzi. Akanasamaliranji khonje pamenepo? Moto wa osaka mbewa unamuwaula, makasu anamudya pang'onopang'ono, mpaka anatha. Agogo atamwalira, ndime ziwirizo zinagwera ana awo aakazi awiri, ndipo kwa zaka zambiri palibe anafunsa kuti yako ithera pati. Funso linadzuka mavenda a ku Lilongwe atayamba kubwera kudzagula tomato wa m'chilimwe, kachitsime ka pakati pa ndime ziwirizo n'kusanduka chuma.

Nditaima pamenepo maganizo anandithawira kunyanja, ngakhale kuti ine nyanja ndinaiona kawiri kokha, ku Salima.

Pa 1 Julaye 1890 Britain ndi Germany anasaina pangano la Heligoland ndi Zanzibar. M'menemo anati malire a dziko la Ajeremani kum'mawa kwa Africa adzatsata gombe la kum'mawa kwa nyanja, kuzungulira kumpoto mpaka pamathiriro a mtsinje wa Songwe. Ameneyo ndiye anali khonje wawo, ndipo ankamuyang'anira ndi maso onse awiri chifukwa sankakhulupirirana. Mu Ogasiti 1914, nkhondo itangoyamba ku Ulaya, sitima ya Angelezi yotchedwa Gwendolen inaombera ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili padoko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli. Mwezi wotsatira anamenyana ku Karonga. Kenako anayamba kusonkhanitsa amuna m'midzi kukachita mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali ulendo wa miyezi wapansi, ndipo ambiri sanabwerere kwawo.

Nkhondo inatha mu 1918. Pa 28 Juni 1919 opambana anakhala pansi ku Versailles, nalanda Germany maiko onse amene inkalamulira mu Africa. Kum'mawa kwa Africa, Rwanda ndi Burundi anapatsidwa kwa Belgium, kachigawo ka Kionga kwa Apwitikizi, ndipo chachikulu chotsala chinagwera Angelezi, nachitcha Tanganyika. Anthu ophunzira akamakamba za Versailles amakonda kunena za mkwiyo wa Ajeremani, zamalipiro amene anawasenzetsa, ndi mmene Hitler anakolezera mkwiyowo mpaka nkhondo yachiwiri mu 1939, imene inatengeranso anyamata athu a KAR ku Abyssinia ndi ku Burma. Zimenezo n'zoona. Koma chimene pangano la ku Versailles linatisiyira ife kuno chinabwera mwakachetechete. Kumpoto, nyanja inapezeka ili ndi mwini mmodzi tsidya lino ndi tsidya linalo. Bwanamkubwa wa ku Zomba ndi wa ku Dar es Salaam onse ankalandira malamulo kuchokera ku London. Khonje anasiya kusamalidwa. Mapu ena a nthawi imeneyo anajambula mzere pagombe, ena pakati pa madzi, ndipo palibe amene anasowa nazo tulo.

Chodabwitsa n'chakuti kumene kunali mnansi weniweni anakhala pansi n'kukambirana. Mu 1954 Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana kuti malire a Nyasaland ndi Mozambique adutse pakati pa nyanja, Likoma ndi Chizumulu zikhalebe zathu. Kumpoto sanakambirane, poti munthu sadziitanira yekha kubwalo.

Tanganyika inalandira ufulu mu 1961, ife mu 1964, ndipo chaka chomwecho atsogoleri a Africa anagwirizana ku Cairo kuti aliyense asunge malire amene anawapeza. Koma malire ake ati, a m'pangano kapena a pamapu? Mu 1967 boma la Nyerere ku Tanzania linanena poyera kuti mzere uli pakati pa madzi. Kamuzu anakana, mawu anakula mbali zonse, kenako nkhani inagona. Akuluakulu amati mlandu suola. Mu 2011 boma lathu linapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja, ndipo mu 2012 mlandu uja unadzuka uli wamoyo. Anaitana ankhoswe, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, koma zokambiranazo sizinathetse nkhani.

Ine ndimakhulupirira kuti pepala la 1890 lili kumbali yathu, ndipo sindichita manyazi kutero. Chimandivuta n'chakuti amene anasaina pepalalo sanafunse msodzi aliyense wa ku Mbamba Bay, amene amatuluka m'nyumba n'kuponda madzi omwe pepala likuti ndi a dziko lina. Ifenso Achewa tikudziwa kulawa kwake. Wokwera minibasi pa Namitete kulowera ku Mchinji amakaima pachipata cha Mwami kuonetsa mapepala kuti akafike ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, kukalamba mfumu yake yomwe. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mvula yathu imayambira, kuseri kwake ndi Mozambique, ndipo kumenekonso amavina gule wathu yemweyu.

Mlandu wa dimba lathu akuti ukambidwa Loweruka. Amalume, monga mwini mbumba, anena kuti apita ndi khasu kukakumba pamene akuganiza kuti panali mzere uja, mwina mizu ya khonje idakalipo pansi. Amayi aang'ono akuti khonje sanali pamenepo, anali chakumtunda pafupi ndi chulu. Onse awiri anamuona ali ana, ndipo sindiganiza kuti pali amene akunama.

Dzuwa likulowa anafika mwana wa amayi aang'ono ndi kheni yake. Tinapatsana moni, iye anatunga poyamba, ine ndinadikira kuti madzi adikhe ndisanatunge anga.