Kodi Nkoyenera Kukongoletsa Tsoka?

Mwa akatswiri ojambula ndi penti a ku Mangalande, ndi ochepa amene ankadziwa kugwira kuwala ngati J.M.W. Turner, yemwe anabadwira ku London mu 1775 namwalira mu 1851. Anzake ambiri ankapatsa chinthu chilichonse malire ake: phiri apa, nyumba apo. Iye ankalola thambo, nyanja ndi dzuwa kusakanikirana, mpaka woona osadziwa pomwe madzi athera ndi pomwe mitambo yayambira.

Mu 1840 anaonetsa ku Royal Academy chithunzi chomwe chimadziwika ndi dzina loti The Slave Ship. Ukachionera patali umangoona dzuwa likulowa, thambo lili psuu ngati moto wolusa m'dambo, ndi sitima ikulimbana ndi namondwe. Ukasendera pafupi mpamene umaona manja akutuluka m'mafunde, mwendo womangidwa unyolo, nsomba ndi mbalame zikulimbirana matupi a anthu.

Zoterezi zinachitikadi. Mu 1781 amalinyero a sitima ya Zong, yomwe inkapita ku Jamaica, anaponya m'nyanja Aafirika oposa 130 ali amoyo, ndipo eni sitimayo anakapempha chipukutamisozi ku inshulansi. Nkhaniyi itafika kukhoti ku London mu 1783, unali mlandu wa ndalama, osati wakupha anthu.

Funso lili apa: kodi munthu ali ndi ufulu wotenga imfa yotere nkuiveka utoto wokongola?

Amene amakana ali ndi mboni yamphamvu. John Ruskin, mlembi yemwe anateteza Turner m'buku la Modern Painters mu 1843, anatamanda nyanja ya m'chithunzichi ndi mawu ochuluka, koma zoti sitimayo ikutaya akapolo anangozitchula m'timawu tam'munsi mwa tsamba. Ngati katswiri wotere anakopeka ndi thambo koposa anthu omira, nanga ife? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe ine ndikuona kuti Turner sananame. Tsiku limene anthu akuphedwa dzuwa silileka kulowa mokongola, ndipo nyanja sivala zakuda polira maliro. Akanajambula mdima wokhawokha, tikanadzitonthoza kuti nkhanza zimabwera ndi maonekedwe ake oopsa, zosavuta kuzizindikira. Chikhalirecho zimachitika masana, m'malo osangalatsa, anthu ena akudya ndi kuseka. Nafenso tikudziwa: nyanja yomwe timakaisirira ku Nkhotakota ndi yomweyo imene zombo za a Jumbe zinkawolotsapo akapolo m'zaka za m'ma 1800.

Choncho kukongolako kuli ndi ntchito yake. Kumatiitana kuti tiyandikire, ndipo tikayandikira timachita manyazi poona zomwe tinali kusirira. Chithunzi chonyansa tikanachilambalala.

Izi sizikupereka chilolezo kwa wojambula kapena mlembi aliyense kuti azisandutsa misozi ya anzake malonda. Muyeso wake ndi uwu: kodi kuwalako kukutilondolera kwa wovutikayo kapena kukumuphimba? Turner anaika omirawo kutsogolo kwenikweni kwa chithunzi, pafupi ndi woona. Lero chithunzichi chili ku Museum of Fine Arts ku Boston, ndipo aliyense woima pamaso pake amasankha yekha pomwe diso lake lithere: pathambo, kapena pamanja aja.